Akhristu a ku Japan amene anakhala zaka zoposa 200 opanda wansembe wowalapitsa

Funso lakuti Mkatolika angakhululukidwe bwanji machimo popanda wansembe linayesedwa koopsa ku Japan. Boma la banja la Tokugawa, limene linkalamulira dzikolo, linaletsa Chikhristu mu 1614, ndipo pofika cha m'ma 1640 ansembe onse anali atathamangitsidwa, kuphedwa kapena kukakamizidwa kutaya chikhulupiriro. Ubatizo sunavute kwenikweni, pakuti munthu wamba atha kubatiza, koma sakramenti la kulapa silitheka popanda wansembe.

Mpingo unali utalikonza kale yankho. Ngakhale msonkhano wa maepiskopi wa ku Lateran wa 1215 unalamula kuti Mkhristu aliyense azilapa kwa wansembe kamodzi pachaka, msonkhano wa ku Trent unafotokoza mu 1551 kuti chisoni changwiro pa machimo, chimene chimachokera m'kukonda Mulungu osati m'kuopa chilango chokha, chimayanjanitsa munthu ndi Mulungu asanalandire sakramentilo, malinga ngati ali ndi cholinga chokalapa mpata ukapezeka. Mawu otsirizawa ndiwo ambiri amawadumpha akamakangana za nkhaniyi, chonsecho ndi pamene pagona chiphunzitsocho.

Amishonale anaika chiphunzitsochi m'kabuku kotchedwa Konchirisan, kamene kanatuluka ku Nagasaki mu 1603, ndipo anthu anakakopera pamanja ndi kukaloweza pamtima. Chaka chilichonse, m'madera monga Nagasaki, akuluakulu a boma ankaika pansi chifaniziro cha Yesu kapena cha Maria, n'kulamula aliyense kuti apondepo posonyeza kuti si Mkhristu. Akhristu obisalawo ankapondapo, mitima ili zii, ndipo akabwerera kunyumba ankanena pemphero la chisoni la m'kabuku kaja. Ankalinenanso pafupi ndi munthu amene akutsirizika.

Sanaiwale kuti njirayi inali yongodikirira. M'midzi ya ku Sotome, pafupi ndi Nagasaki, makolo ankasiyira ana awo ulosi wa mphunzitsi wina dzina lake Bastian, wakuti pakapita mibado isanu ndi iwiri adzabwera ansembe omva kulapa kwawo. Pa 17 Marichi 1865, Akhristu obisala ochepa a m'mudzi wa Urakami analowa m'tchalitchi chatsopano cha Oura ku Nagasaki, chimene chinamangidwira alendo a ku France, ndipo mayi wina ananong'oneza Bambo Bernard Petitjean, wansembe wa tchalitchicho, kuti mtima wawo ndi wake unali umodzi. Ambiri anabwerera mu Mpingo ngakhale chiletso chinapitirira mpaka 1873, koma mabanja ena anakana, nasunga mapemphero a makolo awo opanda wansembe.