Kuika maselo a chiwindi mwa wodwala: mafunso ndi mayankho

Kodi n'chimodzimodzi ndi kumuika munthu chiwindi china?

Ayi. Chiwindi cha wodwalayo sachichotsa. Madokotala amatenga chiwindi cha munthu amene wamwalira, makamaka chimene chapezeka kuti sichingaikidwe chathunthu mwa wina, n'kuchisungunula ndi mankhwala otchedwa collagenase mpaka maselo atalekana. Maselowo amatha kuwaumitsa mufiriji yapadera kuti adikire tsiku lofunika. Powalowetsa amadzera mumtsempha waukulu wopititsa magazi kuchiwindi, ndipo kwa khanda nthawi zina amadzera pamchombo.

Ndani amalandira?

Makamaka ana. Ena anabadwa chiwindi chawo chikulephera ntchito imodzi yokha, monga kuchotsa poizoni wotchedwa ammonia m'magazi. Ena chiwindi chimawafera mwadzidzidzi. Mu 1998 madokotala a ku Nebraska, ku America, analengeza za mtsikana wa zaka 10 wodwala Crigler-Najjar, matenda a chikasu chosatha. Atalandira maselo chikasucho chinachepa, ndipo maola ogona pansi pa magetsi ochizira anachepanso. Amene chiwindi chawo chinauma kale ndi mowa kapena hepatitis B asayembekeze zambiri, chifukwa m'chiwindi cha zipsera maselo atsopano savuta kufa.

Ndiye munthu amachiriratu?

Kawirikawiri ayi, ndipo makolo ayenera kuuzidwa zimenezi poyera. Maselo olowetsedwa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwindi chonse, ndipo mphamvu yake imazilala pakapita miyezi. Ntchito yake yeniyeni n'kumusunga mwana wamoyo mpaka chiwindi choti amuike chipezeke, kapena mpaka chake chomwe chitsitsimuke, poti chiwindi chimaphukanso.

Thupi silimawakana maselo achilendowo?

Limawakana, n'chifukwa chake wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Koma ku King's College Hospital ku London, gulu la Pulofesa Anil Dhawan linapeza njira ina. Amakuta maselo mu timikanda ta alginate, wochokera ku zomera za m'nyanja, n'kutithira m'mimba kunja kwa matumbo. Zakudya ndi zoipa za m'magazi zimalowa mu timikandato, koma asilikali a m'thupi salowa, choncho mankhwala aja safunika. Woyamba kuthandizidwa chonchi, mu 2011, anali khanda limene chiwindi chake chinaonongeka ndi kachilombo ka herpes, ndipo linachira ndi chiwindi chake chomwe.

Munthu angangopita kukapempha?

Ayi. Ndi zipatala zochepa zapadera zimene zimachita zimenezi, nthawi zambiri ngati kafukufuku. Madokotala a chiwindi ndi amene amasankha woyenera, ndipo kwa mwana makolo amasaina chilolezo atawafotokozera zoopsa zake, monga kuundana kwa magazi mumtsempha uja.