Chowambira nyama cha magetsi chimaphika, sichisunga nyama

Anthu ambiri amene akugula chowambira nyama cha magetsi, chija amangochitcha smoker, akuganiza kuti chimagwira ntchito imene uvuni wa asodzi a ku Chilwa umagwira pa mlamba. Sichoncho. Msodzi amawamba mpaka madzi atheretu m'nsomba, n'chifukwa chake imakhala masabata osawola. Bokosi la magetsili limaphika nyama pang'onopang'ono pa 107°C mpaka 121°C, mkati muli chinyezi, utsi ukungopereka fungo ndi mtundu. Nyama imatulukamo yofewa, yonona, ndipo imasasa msanga monga ndiwo ina iliyonse yophika. Pa ntchito yanga yoyendera mabutchala ndi malo ophikira zakudya ndatopa nako kupeza nthiti za nkhumba zitakulungidwa m'kabati, mwiniwake n'kumandiyankha mokhazikika mtima kuti zadutsa pa utsi. Zikatuluka m'chowambira zilowe m'firiji asanakwane maola awiri, ndipo kukatentha kupyola 32°C monga kumachitira ku Chikwawa mu Okutobala, ola limodzi lokha. M'firijimo zidyedwe pasanathe masiku anayi.

Tsopano za kusankha. Musanayang'ane kukongola kwake, tembenuzani bokosilo muwerenge kachitsulo kolembapo za magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito 230V. Zowambira zambiri zimene abale akutumiza kuchokera ku America ndi za 120V, ndipo mukangosintha pulagi n'kulumikiza pakhoma, chitsulo chotenthetsa chimapsa nthawi yomweyo. Thiransifoma yotsitsa magetsi ilipo, koma iyenera kukhala yamphamvu kuposa mawati a chowambiracho, osati kaja mumalumikizira makina ometera. Zochokera ku Britain zimalowa m'soketi zathu momwe zilili. Za ku South Africa magetsi ake ndi ofanana ndi athu, pulagi yokha ndiyo yofunika kusinthidwa, ndipo asinthe ndi wodziwa za magetsi, waya wa earth alumikizidwe. Chinthu chachitsulo, chokhala panja, chogwidwa ndi manja onyowa, osachichita masewera.

Mawati akhale 800 kapena kuposerapo ngati mukufuna kuikamo mwendo wathunthu. Cha mawati 800 chikayaka maola asanu ndi atatu osapuma chimadya mayunitsi 6.4, ndipo kawirikawiri sichifika pamenepo chifukwa chimadzizimitsa chikafika pa mlingo umene mwachiuza. Ndalama ya magetsi si vuto lenileni. Vuto ndi makoma. Gogodani: ngati ndi lata limodzi lopyapyala, mphepo ya mwera ya mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu idzakuberani kutentha konse ndipo nyama idzagona m'kafundidwe kwa maola. Sankhani cha makoma awiri, chitseko chake chotseka bwino, chokhala ndi thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha, imene mumaiuza nambala. Zija zolembedwa low, medium, high zisiyeni pa shelefu. Galasi la pachitseko ndi Bluetooth sizindikhudza. Galasilo limada ndi utsi tsiku loyamba lomwelo.

Funsaninso kuti chimadya nkhuni zotani. Cha kampani ya Bradley chimafuna timabisiketi ta utuchi topangidwa ndi kampani yomweyo, ndipo tikatha mudzadikira wina wochokera kunja. Za mtundu wa Masterbuilt zimalandira tizipatso ta nkhuni wamba, choncho nthambi youma ya mango kapena ya gwafa ikukwanirani. Paini ayi, utomoni wake umadetsa nyama ndi kuiwawitsa. Zidutswa za kwa akalipentala, mapaleti, matabwa opaka penti ndi mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe, izi zokha ndikukupemphani, musayese n'komwe. Mitengo ina yobiriwira ija imathiridwa mankhwala okhala ndi arsenic. Ndipo chowambira chimayakira panja, pakhonde lopita mphepo pomwe mvula siifika. M'galaja kapena m'khitchini utsi wake uli ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba.

Koma ndalama yoyamba isapite ku bokosi. Ipite ku choyezera kutentha chobaya m'nyama, chokhala ndi waya wotulukira panja kuti musamatsegule chitseko. Nambala ya pachitseko imanena za mpweya, sinena za pakati pa nyama. Nkhuku ifike 74°C pa ntchafu, osakhudza fupa. Soseji ndi nyama yogaya 71°C. Nthuli yathunthu ya nkhumba kapena ng'ombe 63°C, kenako ipume mphindi zitatu. Maso sathandiza pano: utsi umadetsa kunja mkati mukadali mwawisi, komanso nyama yowamba imatha kukhala yofiirira itapsa kale. Nyama yochokera m'firiza isungunuke yonse isanalowe. Ndipo nkhumba yokhala ndi timatuza toyera m'minofu siyoti muiwambe, ndi yotaya. Gulani yodindidwa ndi oyeza nyama.

Chimene mabuku obwera ndi zowambirazi sanena, chifukwa analembera mayiko ena, ndi kuthima kwa magetsi. Pakati pa 5°C ndi 60°C ndi pomwe tizilombo timaswana mofulumira, ndipo bokosi lotsekedwa, lofunda, lachinyezi, magetsi atathima, palibenso malo ena amene tingakonde kuposa amenewo.

Pali banja lina limene silindichoka m'mutu. Ankakonzekera chinkhoswe, ndipo bambo anaika mwendo wa nkhumba m'chowambira chatsopano madzulo, atauboolaboola ndi mpeni n'kulowetsamo adyo ndi zala. Magetsi anathima usiku iwo ali m'tulo. M'mawa atabwera anangoyatsanso, nyama inapsa bwino, choyezera chinaonetsa nambala yoyenera, fungo linali labwino. Anachita zonse zimene ankadziwa. Chimene sankadziwa n'chakuti tizilombo tina, monga Staphylococcus aureus timene timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu abwinobwino, timasiya poizoni m'chakudya, ndipo poizoniyo safa ndi moto. Mukaphikanso mumapha kachilombo, poizoni n'kutsala. Dzuwa lisanalowe anthu anayamba kusanza. Akuluakulu anapepukidwa mawa lake. Mwana wina wamng'ono sanapepukidwe, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa m'malo mwa Thanzi ORS ndi chipatala anamugulira makapisozi pa golosale, kenako azakhali ena anati pachinkhoswe sipalephera wa dumbo, mwanayo wadyetsedwa. Anapita naye kwa munthu amene anamumwetsa mankhwala osanzitsa. Mwana wotha kale madzi m'thupi, n'kumusanzitsanso! Anafika kuchipatala maso atalowa, osakodza, ndipo anamwino anavutika kupeza mtsempha woikapo diripi. Anachira, koma panatsala pang'ono.

Ndiye ngati kwanu magetsi sadalirika, musawambe usiku mukugona. Wambani masana muli pomwepo, nthuli zazing'ono zimene zimapsa m'maola ochepa, mbaula ya makala kapena uvuni wa gasi zili chire. Akathima, samutsani nyama nthawi yomweyo mumalizitse kuphika. Ka inverter ka TV ndi mababu sikanganyamule chitsulo chotenthetsa. Ngati simukudziwa kuti anathima nthawi yanji ndipo nyama inali isanapse, itayeni, ngakhale galu musamupatse. Ndikudziwa mtengo wa kilo ya nkhumba, komabe itayeni.

Palinso amene akufuna kupanga bacon, ham ndi masoseji owamba ndi utsi wozizira, wosafika 30°C. Imeneyo ndi ntchito ina, ndipo si ya munthu woyamba kumene. Nyama imakhala nthawi yaitali yosapsa, mpweya uli wochepa, ndipo mmenemo ndi mmene kachilombo ka Clostridium botulinum kamapangira poizoni wopuwalitsa minofu. Mu 1895 ku Ellezelles, m'dziko la Belgium, oimba a gulu lina anadya ham pambuyo pa maliro, atatu anamwalira, ndipo ndi pa nyama imeneyo pamene Émile van Ermengem anapeza kachilomboka. Chimene chimakaletsa ndi mchere wokhala ndi sodium nitrite. Wodziwika kuti Cure #1 kapena Prague Powder #1 uli ndi 6.25% ya nitrite, ndipo mlingo wake ndi magalamu 2.5 pa kilo ya nyama, woyezedwa pa sikelo ya magalamu, osati ndi sipuni. Mchere wa Himalaya, ngakhale ndi wapinki, ulibe nitrite wotetezayo. Ndipo ogulitsa pa Facebook amene akupakira ufa m'timajumbo topanda chizindikiro n'kumati "thirani pang'ono chabe" akusewera ndi miyoyo ya anthu. Ufawo ukakhala nitrite wosasakaniza, wochepa chabe amalepheretsa magazi kunyamula mpweya, milomo n'kuda bii. Paketi yosalemba kuchuluka kwa nitrite musagule. Kumbukiraninso za ku South Africa mu 2017 ndi 2018, pamene kachilombo ka listeria ka mu polony kanadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200. Kachilombo kameneko kamaswana ngakhale m'firiji, n'chifukwa chake amayi oyembekezera ndi anthu a chitetezo chofooka asadye nyama yowamba yozizira osaitenthetsa mpaka ituluke nthunzi.

Botulism, nthenda yobwera ndi poizoni wa Clostridium botulinum uja, sibwera ndi kutentha thupi, ndipo izi ndi zimene zimapusitsa anthu. Kawirikawiri pakadutsa maola 12 mpaka 36 munthu amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope zimagwa, mawu amatuluka ngati waledzera, kumeza kumavuta, kenako kufooka kumatsikira m'manja ndi pachifuwa. Mkaka, makala osinja, mapemphero a usiku wonse kunyumba, zonsezi zimangodya nthawi imene munthuyo akadali kupuma yekha. Pitani naye kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, auzeni madokotala kuti anadya nyama yowamba kapena yothira mchere kunyumba, tchulani onse amene anadya nawo, ndipo yotsalayo muinyamule m'jumbo yomanga bwino kuti ikayezedwe.