Madzi a ku Joni: kumpoto amasefukira, kummwera amadya nthaka pansi

Chimene chinabala Johannesburg si mtsinje ayi, koma golide amene anapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886. Mzindawu unakhala pamtunda wa Witwatersrand, pomwe madzi amagawikana. Mvula yogwa kumpoto imatsika ndi mtsinje wa Jukskei kukalowa mu Crocodile mpaka Limpopo, yogwa kummwera imatsata mtsinje wa Klip kupita ku mtsinje wa Vaal. Mbali ziwirizi zili ndi miyala yosiyana pansi, ndipo mavuto ake ndi osiyananso.

Jukskei amayambira chakufupi ndi bwalo la masewero la Ellis Park. Mzinda ukukula, madambo a m'zigwa anakwiriridwa, mtsinje unalowetsedwa m'mipaipi ndi m'ngalande za simenti, phula ndi malata zinaphimba nthaka. Mvula ya kuno ndi ya mabingu, imagwa mwamphamvu masana kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndiye ikasowa polowera imafika ku Alexandra, komboni ya m'mphepete mwa Jukskei, nthawi imodzi. Pa 9 Novembala 2016 madzi anakokolola galimoto pa mphambano ya misewu ikuluikulu ya Gillooly's, nagwetsa zisakasa ku Setswetla, dera la ku Alexandra. Mu Disembala 2022 anthu oposa 10 amene anali pa mwambo wa mpingo m'mphepete mwa mtsinje anatengedwa ndi madzi obwera mwadzidzidzi.

Kumpotoku pansi pali granite, mwala wolimba, choncho ntchito ndi kuchedwetsa madzi. Ku Bruma, nyanja yokumba imene inkanunkha zonyansa inaphwetsedwa, mtsinje n'kubwezeredwa m'khwawa la miyala ndi zomera. Bungwe la Water for the Future limazula mitengo yachilendo kumtunda kwa Jukskei. Luso lochedwetsa madzi si lachilendo kwa amene anadzalapo vetiva m'migula kumudzi. Ngalande imakumbidwa yotakata koma yosazama, n'kudzalidwa udzu. Potsetsereka pamaikidwa timizere ta miyala kuti madzi azipuma. Gombe lofooka limagwiridwa ndi mabokosi a waya odzaza miyala, bango n'kumera kumbuyo kwake. Dziwe losungira madzi a mvula liziphwa pasanathe masiku atatu, apo ayi udzudzu uswana. Zimene zimapha ntchitoyi kawirikawiri ndi zinyalala ndi suweji: polowera madzi pakapanda sefa ya mapulasitiki ndi kadzenje kogwira matope, dambo limadzaza m'nyengo imodzi, madzi n'kudzipezera njira ina.

Kummwera ndi kumadzulo nkhani ndi ina, ndipo apa mpofunika kumvetsetsa. Lenasia, mbali zina za Soweto, Westonaria ndi Carletonville zili pa dolomite, mwala umene madzi amausungunula pang'onopang'ono n'kusiya mapanga. Madzi apansi akadzaza mapangawo, nthaka imakhala bata. Migodi ya golide, yomwe agogo athu ambiri anakumba atabwera ndi Wenela, inapopa madziwo kuti ifike pansi kwambiri, denga la mapanga n'kutsala lopanda chochirikiza. Mu Disembala 1962 chidzenje chinameza chigayo cha miyala pa mgodi wa West Driefontein, anthu 29 anafa. Mu Ogasiti 1964 china chinameza nyumba ku Blyvooruitzicht pamodzi ndi banja la anthu 5.

Masiku ano zidzenje zambiri zimayamba ndi madzi ochokera pamwamba: paipi yodontha, suweji yophulika, chithaphwi chokhalitsa pakhoma. Madziwo amakokera dothi m'phanga mpaka pamwamba patitimira. N'chifukwa chake dzenje lomwetsera madzi a padenga, limene lingathandize kumpoto ku Randburg, ndi ngozi ku Lenasia. Pa dolomite dziwe liyenera kuyalidwa pansi ndi chotchinga madzi, bwalo litsetserekere kutali ndi nyumba, madzi amwazike pamalo aakulu m'malo mosonkhana pamodzi. Muyezo wa SANS 1936 ndiwo umalongosola kamangidwe pa nthaka yotere, ndipo bungwe la boma loona za miyala ndi nthaka la Council for Geoscience limaunika malipoti a kafukufuku wa nthakayo. Amene mukuchita lendi kumeneko, mukaona ming'alu yozungulira pabwalo kapena chitseko chikuyamba kukana kutsekeka, musathiremo dothi n'kukhala chete, dziwitsani khonsolo.

Chuma chachikulu cha kummwera ndi dambo la Klip, kumunsi kwa Soweto. Bango ndi matope ake zakhala zikugwira zitsulo za poizoni zochokera m'milu ya migodi kwa zaka zoposa 100, madzi asanafike ku Vaal. Koma madzi ochuluka otuluka m'malo oyeretsera suweji akumba makwawa m'kati mwake, moti amangodutsa osafalikira m'bango. Dambo likauma, matope aja amakokoloka ndi poizoni yense amene anasunga.