Backup yanu ndi ya liti?

Munthu akabwera ndi laputopu yakufa ku malo athu okonzera makompyuta, ndimayamba ndamufunsa kuti anasunga liti backup, kutanthauza kope lina la mafayilo ake. Ambiri amayankha monyadira kuti zonse zili pa fulashi. Tikaitsegula fulashiyo timapeza za chaka chatha, pomwe lipoti lomwe akulirira analilemba sabata ino.

Backup imakubwezerani pa ola lomwe munaichita, basi. Zonse zomwe munagwira kuchokera pamenepo zapita. Choncho musanagule chipangizo chilichonse, dzifunseni kuti mungapirire kutaya ntchito ya nthawi yaitali bwanji. Zithunzi za ukwati sizisintha, mukazisunga bwino kamodzi zatha. Koma kaundula wa ngongole za pa golosale kapena thesis yomwe mukulemba imasintha tsiku lililonse, ndipo kope la mwezi watha silingakuthandizeni kwenikweni.

Ngakhale akatswiri zimawaonekera. Pa 31 Januwale 2017, injiniya wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi deta pafupifupi 300 GB pa seva (kompyuta yaikulu yosungira deta) yolakwika. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, koma atathamangirako anapeza kuti zina zinasiya kalekale kugwira ntchito popanda woziona, zina sizinakonzedwe n'komwe. Chinawapulumutsa ndi kope lomwe linatengedwa pamanja maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo ntchito ya maola 6 amenewo inatayika.

Munthu amaiwala, ndiye ntchito yokopera mafayilo muisiyire makina. Pa Windows pali File History. Mukalumikiza hard disk yakunja n'kuyatsa File History, imakopera mafayilo osinthidwa ola lililonse, ndipo mutha kuitchera kuti izichita pa mphindi 10 zilizonse. Imasunganso makope akale, moti mukaononga chikalata lero mutha kubweza cha dzulo. Pa Mac ntchito yomweyi imagwiridwa ndi Time Machine.

Ena amaopa kusunga makope pa intaneti chifukwa cha bandulo. Mantha amenewa ndi oona pa mavidiyo, koma zikalata za Word ndi Excel n'zopepuka, nthawi zambiri zimachepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, OneDrive 5 GB. Patulani foda imodzi ya zinthu zofunikadi, imeneyo yokha ndiyo izikwera pa intaneti.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Foda yolumikizidwa ku Drive ili ngati kalilole: mukafufuta fayilo pa laputopu, kumeneko nayonso imafufutika. Imakhala kaye mu trash, foda ya zofufutidwa, masiku 30, kenako yapita. Vayirasi ya ransomware, yomwe imatseka mafayilo eni ake n'kumafuna dipo, imalowanso mu disk iliyonse yolumikizidwa pa kompyuta nthawi imeneyo. N'chifukwa chake a ntchito yathu timatsatira lamulo la 3-2-1, kutanthauza makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali. Kutaliko ndikunena nyumba ina kapena pa intaneti. Disk yomwe imagona m'chikwama chimodzi ndi laputopu, wakuba wa mu minibasi amanyamula zonse pamodzi, ndipo magetsi akabwera ndi mphamvu atathima, amatha kupsereza zomwe zili pa soketi.

Fulashi sindiikhulupirira. Ndi yonyamulira mafayilo popita kokasindikiza, ndipo kumeneko n'komwe imatola vayirasi yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Ina imachapidwa limodzi ndi buluku.

Kamodzi pa mwezi, sankhani fayilo imodzi mu backup yanu, muibweze pa kompyuta ina n'kuitsegula. Onaninso deti lake. Ikakana kutseguka, kapena mukaona kuti ndi ya miyezi yapitayo, konzani tsiku lomwelo laputopu ikadali yamoyo.