Foni yadzadza tinyimbo ta mwana, nanga jazz ilowa bwanji?

Mayi wina amene mwana wake ndimamuphunzitsa kiyibodi anandidandaulira tsiku lina kuti aphunzitsi, ine khutu langa linafa, kale ndinkamvera nyimbo za anthu akuluakulu koma pano ndikangotsegula YouTube imandibweretsera tizidole tovina basi, ngakhale ku ntchito ndimangozindikira ndikung'ung'udza Baby Shark anzanga akundiyang'ana. Ndinaseka koma ndinawamvetsa, nanenso ndili ndi ana awiri ndipo ndinadutsamo.

Khutu silinafe ayi. Tinyimbo ta ana timakakamira m'mutu chifukwa cha mmene tinapangidwira: mawu ochepa, manotsi asanu kaya asanu ndi limodzi oyandikana, ndiye kubwereza, kubwereza, kubwerezanso. Ubongo umasangalala ukalosera chimene chikubwera nkupezadi chabwera, ndipo kwa mwana amene akuphunzira kuyankhula chimenechi ndi chakudya, nchifukwa chake akuti "ikaninso" kachikhumi inu mutu ukuwawa. Baby Shark ija ya kampani ya Pinkfong ya ku South Korea inakhala vidiyo yoyamba kuoneredwa kopitirira 10 biliyoni pa YouTube mu Januwale 2022, pomwe anthu pa dziko lonse tilipo cha m'ma 8 biliyoni. Ndiye mukuona kuti ndi ana omwewomwewo akubwereza, bandulo ya makolo nkumapita.

Tsono chimene anthu ambiri amadabwa ndikawauza nchakuti kholo limene lakhala zaka zitatu mu tinyimbo timeneti lakonzeka kumvera jazz kuposa mmene linalili kale. Anthu amati jazz ndi nyimbo za m'mahotela, aliyense akungoimba zake zopanda mutu. Mutu ulipo, ndipo oimba amautchuladi "head". Bandi imayamba ndi kanyimbo kosavuta kuti mukagwire, kenako imazungulira pa makodi (manotsi angapo olira pamodzi) omwewo, nthawi zambiri timagawo ta nyimbo totchedwa mabala 12 ngati ndi blues (nyimbo zodandaula za anthu akuda a ku America) kapena 32, woimba aliyense nkumapatsidwa mpata wokanena kanyimboko mwa njira yake, wa lipenga, wa piyano, wa besi, pomaliza onse nkubwerera ku mutu kuja. Basi.

Nanga inu usiku mwana ali kumbuyo wakana kugona mumatani? Kanyimbo kotonthoza mwakaimba ka 20, mwatopa nako, mumayamba kusintha mawu, kulowetsamo dzina la mwana, pena kudandauliramo za bambo ake amene mpaka pano sanabwere, apa mwakoka apa mwathamanga, koma kugwedeza kwa thupi kuli komweko sikunasinthe. Kumeneko ndiye kupeka pompopompo kumene oimba jazz amachita, kungoti iwo amathera zaka akuphunzira kuchita zimenezi pa chida. Ndimaona kuti amayi amagwira msanga mfundo imeneyi kuposa ana asukulu amene aloweza manotsi.

Jazz inabadwira ku New Orleans ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pakati pa zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa, posakaniza blues, nyimbo za m'tchalitchi ndi mabandi a malipenga amene ankaperekeza maliro. Kuitana ndi kuvomera kuli mkati mwake, lipenga likafunsa piyano imayankha, zomwe kwa ife amene tinakula tikuvomera "tili tonse" pa nthano si zachilendo.

Ndipo oimba jazz sananyozepo nyimbo za ana. Mu 1938 Ella Fitzgerald, ali ndi zaka 21, anatenga kanyimbo ka masewera a ana kotchedwa A-Tisket, A-Tasket nkukajambula ndi bandi ya Chick Webb, ndipo ndi kamene kanamutchukitsa America yonse. John Coltrane naye anatenga My Favorite Things, nyimbo ya mu sewero la The Sound of Music imene imaimbidwa ngati yolimbitsa mtima, nkuitambasula pafupifupi mphindi 14 pa sakisofoni, inatuluka mu 1961. Imeneyi ndimakonda kuyambira nayo pophunzitsa makolo chifukwa mutu wake umabwerabwera, sutayika nthawi yaitali.

Ndiye mukayika nyimbo ya jazz musalimbane ndi kumvetsa chilichonse. Gwirani mutu uja poyamba, wa lipenga akayamba kuyendayenda inu pitirizani kuung'ung'udza chamumtima, mudzapeza kuti ukukwanira bwinobwino pansi pa zimene akuimbazo. Mukasochera tsatani besi, ndi amene amayenda phazi ndi phazi osathamanga. Ndipo musayambe ndi zovuta za free jazz, imene siitsata makodi okhazikika, zimenezo ngakhale ine pena ndimazimitsa.

Ngati za ku America zikukuvutani yambirani pafupi. Malemu Hugh Masekela wa ku South Africa, malemu Wambali Mkandawire, kaya gitala ya Erik Paliani amene anagwirapo ntchito ndi Masekela yemweyo. Mutha kubwereranso m'mbuyo kwa a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka ndi kwela yawo, kachitoliro kaja kamachita zomwezi, kuzungulira pa makodi ochepa koma osabwereza ndendende.

Za foni zija nzosavuta, YouTube imakupatsani zimene yaona kuti zimaoneredwa kwambiri pa akaunti imeneyo, siidziwa kuti chala ndi cha ndani. Mwana muikireni YouTube Kids kaya tinyimbo take pa memori khadi, akaunti yanu ipume. Komanso musathawire ku mahedifoni nkukweza mpaka kumapeto pofuna kubisala ku phokoso la m'nyumba, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati wamkulu asapyole ma desibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 80 kwa maola 40 pa sabata, mwana 75. Bola kuyika pa sipika pochapa kapena pophika, mwana amve nawo.

Mayi aja anabweranso patatha mwezi, akuti Coltrane amupirira mpaka theka kenako ndiwo zinapserera, koma mwana wawo wamng'ono akamva Ella amavula nsapato nkuyamba kuzungulira tebulo, ndipo tsopano ndi iyeyo amene akuti "ikaninso".