Holden, Nyasha ndi Tambu: mwana wa phee ndiye amandidetsa nkhawa

Makolo akabwera ndi mwana kwa ife alangizi a zamaganizo, sanena kuti mwanayu ali ndi chisoni. Amati wayamba mwano, akulephera m'kalasi, kapena akukana nsima. Olemba nkhani zopeka ena anazindikira kalekale chimene chimabisala kuseri kwa madandaulo otere.

Holden Caulfield, wa m'buku la J. D. Salinger la 1951 lotchedwa The Catcher in the Rye, ndi mnyamata wa zaka 16 amene amuchotsa sukulu ku Pencey. M'malo molunjika kwawo, akungozungulira mu New York, fodya kukamwa, bodza lili thoo, aliyense n'kumamuti wachiphamaso. Mphunzitsi angangoti ndi mwana wosamva. Koma mng'ono wake Allie anamwalira ndi khansa ya m'magazi Holden ali ndi zaka 13. Usiku umenewo iye anagona m'galaja n'kuswa mawindo onse ndi chibakera, moti tsiku loika maliro anali m'chipatala ndi dzanja lovulala. Sanaperekeze mbale wake kumanda. Zaka zitatu pambuyo pake, akamaoloka msewu amayankhulabe ndi malemuyo, kumupempha kuti asamulole kuzimirira. Chisoni chosalira bwino chimatuluka chonchi, ndipo kwa anyamata chimakonda kuvala nkhope ya ukali.

Nyasha, mtsikana wa m'buku la Tsitsi Dangarembga la 1988 lotchedwa Nervous Conditions, ululu wake waulozetsa pa thupi lake lomwe. Anakulira ku England, anabwerera ku Rhodesia (lero Zimbabwe) ChiShona chitamuthawa pakamwa, ndipo bambo ake, Babamukuru, mkulu wa sukulu ya mishoni, safuna kuyankhidwa. Akamukakamiza kutsiriza mbale, amadya msangamsanga, n'kukadzisanzitsa kubafa ndi mswachi. Pa zonse za m'nyumbamo, chimene chimalowa m'mimba mwake ndicho chokha angachilamulire. Atafika podwalitsitsa, dokotala woyamba wa zamaganizo ku Salisbury (lero Harare) ananena kuti anthu akuda sadwala matenda otere. Bodza limenelo silinafe mpaka lero.

Komabe amene ndimamuwerenga mtima uli m'malere ndi Tambu, mwana wa mng'ono wake wa Babamukuru, yemwe akusimba nkhaniyo. Monga Holden, nayenso anataya m'bale, mlongo wake Nhamo, koma akunena poyera kuti sanamve chisoni, pakuti imfayo ndiyo inamutsegulira khomo la sukulu ya mishoni. Holden akulira mosadziwa kuti akulira. Tambu alibe n'komwe mpata wolirira. Amakhoza m'kalasi, amagwada, amathokoza, sakhumudwitsa munthu. Mwana wotere safika kwa ife, chifukwa palibe amene amamudandaula. Timamuona atakula kale, tulo tikumusowa, mutu ukuwawa popanda chimene dokotala akupeza.

Thupi la Tambu linamuyankhulira kamodzi. Babamukuru atalamula kuti makolo a Tambu akwatitsidwe kutchalitchi atakalamba kale, mtsikanayu anaona kuti akuwasandutsa choseketsa, koma pakamwa panakana kutsutsa. M'mawa wake wopita ku ukwatiwo analephera kudzuka pabedi, akumva ngati watuluka m'thupi mwake n'kumadziyang'ana chapatali. Ife timaziona zimenezi kwa anthu amene apanikizika mosowa pothawira. Kenako anapeza mawu n'kunena kuti sapita. Babamukuru sanafunse chimene chamugwira. Anamukwapula zikoti 15 n'kumupatsa ntchito za wantchito wa pakhomopo kwa milungu iwiri.