Kumeta galu mpala si mankhwala a kutentha

Okutobala akangofika, uthenga uja umabweranso m'magulu a WhatsApp: akuti galu waubweya wautali, monga Border Collie wothandiza kuweta nkhosa, mummete mpala kuti asafe ndi dzuwa la ku Tete. Ndi bodza.

Agalu amenewa ali ndi ubweya wofewa wamkati ndi wautali wakunja, umene umatchinga khungu ku dzuwa. Mukameta, khungu limapsa, ndipo nthawi zina ubweya umamera mosalongosoka. Galu amadziziziritsa ndi wefuwefu, lilime panja, osati ndi thukuta ngati ife. Mpeseni kuti ubweya wothothoka uchoke, muzule nkhupakupa, mumpatse mthunzi ndi madzi.

Musanakhulupirire, onani amene walemba, kenako funsani mlangizi wa ziweto m'boma lanu, kaya ku Angónia kaya ku Moatize. Chonde abale, lekani kuutumiza.